Womanga Chifani pa Mwera

Ndinafika pa doko la Mkwakwa ndi makulabokosi awiri osungira nsomba pa ayezi, ndi nzeru imodzi: kugula batala ndi kampango zaziwisi, kukwera nazo boti mpaka ku Nkhata Bay, n'kukazigulitsa ku Mzuzu zisanafewe. Mkwakwa ili pakati pa Usisya ndi Ruarwe, pansi pa mapiri otsetsereka kumene galimoto siifika. Chimene chinandikokera kuno ndi mbiri yoti mudziwu uli ndi magetsi akeake, ndipo pamene pali magetsi pali firiji. Ine ndine Yankho, kwathu ndi ku Dowa. Chitonga changa chimathera pa "mwe uli" ndi "yewo", choncho anthu kuno amandiyankhula Chichewa chawo chosakaniza, ine n'kumatola.

Magetsiwo amachokera pa kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi. Pamenepo paima chitsulo chachitali, pamwamba pake mapiko atatu ozungulira ndi mphepo. Bungwe lina la ku Mzuzu limene linachiimika limachitchula ndi dzina lachingerezi, koma anthu amangoti chifani. Pansi pake pali kanyumba ka njerwa, m'kati mwake mabatire ndi jenereta ya dizilo imene inalipo kale chifani chisanabwere. Pangano linali lakuti chifani chizisenza katundu wamkulu, jenereta izingolandira mphepo ikagona. Kiyi wa kanyumbako ankakhala pa chingwe m'khosi mwa Ada Bizwell Kamanga.

Ada Bizwell ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala ngati a anthu onse amene anakulira pa nkhafi. Amavala jekete la buluu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sayankhula zambiri, ndipo akamakuyankha amayang'ana pamwamba pa mutu wako, kunyanja. Anabadwira pa doko lomweli. Ali mnyamata anali siginala, uja amatsogola ndi bwato la nyali kukopa usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira, ndipo akuluakulu amati maso ake ankaona nsomba pamene ena akuona madzi. Anasiya nyanja chaka chimene mng'ono wake Robson anamira. Robson anali atasiya boti lake pa nangula poganiza kuti mwera wa tsiku limenelo ukhala wofatsa. Utakula, anapalasa bwato kukalipulumutsa. Boti linapezeka pa miyala ya kumpoto, Robson sanapezeke. Bizwell anapita ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri akusamala jenereta pa famu ya nkhuku. Anabwerako ndi bokosi la masipanala, jekete lija, ndi chizolowezi chotseka chitseko chilichonse chimene watsegula.

Chitsekocho ndicho chinayamba kumuipitsira mbiri. M'kanyumba muja simunkalowa munthu. Ukafuna kufunsa za magetsi, ankatuluka, n'kukhoma, n'kuyamba kukumvera ali panja.

"Mkati muja muli chiyani, Ada? Mkazi wachiwiri?" ankatero Florence Manda, amene onse amamutchula Anyamanda. Iye ndi mwini wa mafiriji atatu pa doko, momwe ine ndimachita lendi malo, komanso ndi wapampando wa komiti ya magetsi.

"Muli moto," Ada Bizwell ankayankha choncho basi.

Nkhani inakula pamene Mayi Winnie, injiniya wa bungwe lija, anatumiza mawu kwa komiti. Chifani chinali chitatha nyengo ya mwera yathunthu chiikidwire pa kaphiri paja, koma migolo ya dizilo imene boti linkabweretsa sinachepe. Anati mwina mphepo ya pa Mkwakwa ndi yofooka. Anthu atamva zimenezi anaseka mpaka misozi. Mwera wa pa Mkwakwa, umene umasasula madenga, wofooka? Kuseka kutatha panatsala funso limene aliyense anali nalo kukhosi: ngati mphepo ilipo, dizilo akupita kuti?

Injini za maboti a asodzi zimamwa petulo. Pa doko lonse chinthu china chakumwa dizilo ndi chigayo cha Jobe, chogaya chinangwa cha kondowole. Ndipo Jobe ndi mlamu wake wa Ada Bizwell.

Kuyambira pamenepo maso anatembenuka. Bizwell akatsika kaphiri ndi chidebe, amayi otsuka mbale kunyanja ankaleka kuyankhula mpaka adutse, kenaka wina n'kupita kukanunkhiza pamene anatula chidebecho. Akaima pa chigayo kupereka moni kwa mlamu wake, madzulo mbiri inali itafika ku Ruarwe yoti anapatsirana chigubu. Kutchalitchi, kumene iye ndi dikoni, mbale ya zopereka inayamba kupatsidwa kwa wina popanda chonena. Anyamanda ankati akamagayitsa chinangwa amamva fungo la dizilo wa komiti.

"Dizilo wa komiti amanunkha mosiyana ndi wina, Ama?" ndinafunsa.

"Iwe Mchewa, mphuno yako inazolowera fodya wa ku Dowa. Ungamve chiyani?"

Ine mutu wanga umathamangira masamu, ndipo ndinali nacho chimene ena analibe. Ndinkakwera boti limodzi ndi zigubu za Jobe pochokera ku Nkhata Bay, choncho ndinkadziwa dizilo amene amagula yekha. Ndinayerekeza ndi mmene chigayo chake chimalirira pa sabata. Zinkagwirizana pafupifupi. Koma pafupifupi sayeretsa munthu. Mpata unalipo wokwana chigubu, ndipo chigubu chimenecho chinkandiyendayenda m'mutu.

Kenaka ndinaona chinthu china.

Pa Mkwakwa mwera sufika mobisa. Nyanja imada kumbali ya Nkhata Bay, thovu loyera n'kuyamba kuoneka patali, ndiye amene waona woyamba amaimba wezulo. Zikatero aliyense amasiya chimene wagwira. Wometa amasiya mutu wa munthu uli theka, mphunzitsi amatulutsa anyamata akuluakulu, odana amagwira chingwe chimodzi. Mabwato onse amakokeredwa kumtunda, maboti amamangidwa ku mitengo, maukonde amapindidwa n'kupsinjidwa ndi miyala. Safunsa kuti bwato ndi la yani. Ntchitoyo ikatha m'pamene anthu amakumbukira milandu yawo.

Tsiku lina masana, mabwato atakokedwa, ndinaona Ada Bizwell akupukuta manja pa jekete n'kuyamba kukwera kaphiri. Ndinamutsatira chapatali, mchenga ukundilasa m'miyendo. Chifani chinali chikuthamanga mmene sindinachionerepo, mapiko osaoneka, kulira kwake ngati njuchi zambirimbiri. Iye anafika patsinde pa chitsulo, anagwira handulo ya buleki, n'kuyamba kupukusa. Mapiko anachedwa, anachedwa, mpaka anaima. Anatulutsa chingwe cha boti, anamanga handuloyo ku chitsulo ndi mfundo ya asodzi, anaikoka kawiri kuti aone ngati yagwira. Atatero analowa m'kanyumba. Posakhalitsa jenereta inatsokomola, utsi wakuda unatuluka m'paipi, mphepo n'kuumwaza.

Munthu waimitsa mphepo yaulere kuti ayatse dizilo wogula. Jenereta ikamalira, ndani angadziwe wolowa mu injini ndi wotulukira pakhomo?

Anatuluka, anakhoma, n'kundipeza nditaima.

"Ada, mwachimangiranji?"

Anayang'ana pamwamba pa mutu wanga. "Ku Dowa kuli nyanja?"

"Kulibe."

"Ndiye pita ukaone nsomba zako, mwana wangu."

Nsomba zoti ndikaone panalibe. Pa mwera palibe amalowa m'nyanja, ndipo mafiriji a Anyamanda amakhala ozimitsa, zitseko zili pululu kuti atuluke fungo. Ndinamupeza akuwatsuka, ndinamuuza zimene ndinaona.

"Zimenezo n'za mwera," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndikufuna woona chigubu. Chigubu unachiona?"

Sindinachione. Ndinachoka ndi funso langa, ndipo tsopano ndinkakayikira onse. Kodi Anyamanda nayenso ali m'gulu? Kodi komiti yonse ikudya nawo, n'kumangofuna mmodzi womusenzetsa? Mlendo pa doko amaphunzira kutseka pakamwa, ndiye ndinatseka. Koma mwera uliwonse ndinkayang'ana kukaphiri, ndipo mwera uliwonse mapiko ankaima.

Mayi Winnie anabwera kutatsala pang'ono kuti nyengo ya mwera ithe. Anabwera tsiku la bata, monga ankabwerera nthawi zonse, pakuti boti la anthu siliyenda nyanja ikakwiya. Msonkhano unachitikira pa khonde la sukulu m'mawa. Anthu anamuikira Ada Bizwell mpando payekha, kutsogolo, moyang'anizana ndi anthu. Jobe anakhala kumbuyo, chipewa chili pa bondo.

Mayi Winnie ndi wa ku Zomba, Chichewa chake chowongoka ngati cha pa wailesi. "Amene anapereka chifanichi sanachipereke chifukwa chokonda batala wanu," anatero. "Akufuna utsi wa dizilo uchepe, pakuti utsi umenewu ndi umene ukutenthetsa dziko, mvula n'kumabwera mosokonekera. Mgolo uliwonse umene simunawotche ndiye phindu lawo. Koma inu mukuwotcha monga kale, ndipo mita ikuonetsa kuti chifani chapanga magetsi ochepa kwambiri. Ndakwera, ndachiona, n'chabwinobwino. Ndiye mundiuze ndinu."

Anyamanda anaimirira, anamanga chitenje. "Ife sitinaphunzire za mamita, Madamu. Tikudziwa kuti kiyi ndi mmodzi, khosi ndi limodzi, ndipo chigayo ndi chimodzi."

"Chigayo changa chikulowa bwanji pamenepa?" anakuwa Jobe.

"Ndatchula dzina lako, Ada? Kapena chigubu chakuluma?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Mkulu wina wa mpingo anati nkhani yakuba ikatsimikizika, si kiyi yekha amene achoke, udikoni nawo uchoka. Mayi Winnie anatembenukira kwa Ada Bizwell.

"Bambo Kamanga, dizilo akupita kuti?"

"Mu injini."

"Yense?"

"Yense."

"Nanga chifukwa chiyani injini ikumwa chonchi chifani chilipo?"

Anayang'ana kunyanja. "Injini imamwa ikamagwira ntchito."

Panamveka kung'ung'udza. Anyamanda anati manja akwezedwe, amene akufuna kuti kiyi achoke m'khosi mwa Ada Bizwell aonekere. Manja anayamba kukwera, ena msanga, ena mochita kuyang'ana anzawo. Ine ndinali ndi mawu anga pakamwa, koma sindinkadziwa ngati amupulumutsa kapena amumaliza.

Wezulo inalira kudoko.

Khonde linatsala lopanda munthu. Manja omwe aja anali m'mwamba anathamangira zingwe. Ndinaona Anyamanda ndi Jobe atagwira bwato limodzi, akuwerengera limodzi kuti akoke, ndipo Ada Bizwell ali m'madzi mpaka m'chiuno kukankha boti la mkulu wa mpingo uja. Mayi Winnie anaima pa mchenga atagwira chikwama chake, akuona boti limene anabwera nalo likumangidwa ku mtengo wa mango.

"Ndiye kuti lero sindibwerera?" anandifunsa.

"Ngakhale mawa, Madamu." Ndinamulozera kumabwato. "Musachotse maso pa Ada Bizwell."

Mabwato atatha, iye anapukuta manja pa jekete n'kuyamba kukwera kaphiri, monga munthu amene miyendo ikumudziwira njira. Mayi Winnie anamutsatira, ine pambuyo, ndipo anthu poona injiniya akukwera anakwera nawo. Tinafika mapiko ataima kale, iye akukoka mfundo yake.

"Mukutani, Bambo Kamanga?"

"Ndikumanga."

"Chawonongeka?"

"Awa," anakana. "Kuli mwera."

"Mumachita zimenezi mwera uliwonse?"

Amene anayankha si iye. Anali Anyamanda, akupuma mwawefuwefu chifukwa cha chitunda. "Nanga asamange, Madamu? Mukufuna achisiye pa mwera? Chinthu chodula chonchi? Ife bwato la mtengo timakoka, ndiye chitsulo cha azungu tichisiyire mphepo?"

"Eya," anavomera mkulu wa mpingo. "Pamenepo Ada salakwa. Ife nkhani yathu ndi ya dizilo."

Mayi Winnie anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, kufuna amene akuseka. Panalibe. Mudzi wonse unkaona mapikowo akuima mwera uliwonse, ndipo mudzi wonse unkaona kuti n'zoyenera, monga kutseka chitseko mvula ikamabwera. Anakhala pansi pa mwala, anagwira mutu.

"Anthu inu," anatero. "Mwera ndiye chakudya cha chifanichi. Tinasankha kaphiri kano chifukwa cha mwera. Kamphepo ka masiku a bata kamangochiseweretsa. Chinapangidwa kuti mphepo ikapyola muyezo chizipinda mchira wake chokha n'kuipatukira. Buleki ija ndi ya pokonza, kapena pa namondwe wogwetsa nyumba. Dizilo wanu sanabedwe. Mwakhala mukumuwotcha masiku omwe mukanakhala ndi magetsi aulere."

Anyamanda anayang'ana mapiko oimawo, anamanganso chitenje.

Ada Bizwell sanaoneke ngati munthu amene wapulumuka. "Ndinachisiyapo kamodzi," anatero pang'onopang'ono, "chaka chatha. Mabatire anadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Ndiye chibokosi cha mawaya chili kukhoma chinayamba kutentha, fungo ngati simbi yoiwalika pa malaya. Ndinati nyumba ipsa. Chinthu chikasiyidwa pa mwera chimapita, Madamu, ndipo wochitsatira amapita nacho."

Achikulire anawerama. Mayi Winnie sankadziwa za Robson, koma anaona kuti pali chimene sakuchidziwa, ndipo anatsitsa mawu.

"Chibokosi chimenecho ntchito yake ndi kutentha. Mabatire akadzaza, magetsi otsala ayenera kupita penapake, apo ayi makina amawonongeka. Ndiye chimawataya ngati kutentha. Sichipsa."

"Ndiye tisiye chifani chizipanga magetsi oti chibokosi chizitaya?" anafunsa Jobe. "Phindu lake?"

Funsolo linali loona, ndipo ine ndinali nditaliona kale pa malonda anga. Pa Mkwakwa mphepo ndi nsomba sizibwera tsiku limodzi. Kukakhala bata nsomba zimatuluka, mafiriji onse amayaka, asodzi amatchaja mabatire a nyali zawo, koma chifani chimangoyenda ngati nkhalamba ndipo jenereta imalira tsiku lonse. Kukakhala mwera magetsi angasefukire, koma wowafuna ndi wometa ndi wa kanema basi.

"Ama," ndinatero kwa Anyamanda, "mafiriji anu lero muli chiyani?"

"Mphepo. Ukufuna ugule?"

"Tikathiramo madzi m'mabeseni ndi m'mabotolo, mwera usanathe akhala ayezi. Tikamukwirira mu utuchi wa kwa okhoma maboti, amakhala masiku. Bata likabwera nsomba zigone pa ayezi, mafiriji ena apume, jenereta ipumenso. Ine ndemwe ndiyamba kugula. Amene ndimatenga ku Nkhata Bay amafika kuno theka ali madzi."

Anyamanda anandiyang'ana ngati ndamubera kanthu m'thumba. "Mchewa uyu anabwera ndi mabokosi awiri, achoka ndi doko lonse." Koma maso ake anali atayamba kale kuwerenga mabeseni.

Mayi Winnie anaimirira, anatambasula dzanja kuti amasule chingwe. Anthu angapo anati "Awa!" nthawi imodzi, iye n'kubweza dzanja ngati wagwira moto. Kuno mfundo ya munthu samasula wina. Ukamasula boti la mnzako, chimene chiligwere ndi mlandu wako.

Ndiye tonse tinadikira Ada Bizwell. Anaima nthawi yaitali atagwira mfundoyo, jekete likukupiza. Akanakana, kiyi akanachoka ndithu, osati ngati wakuba koma ngati munthu amene ntchito yamukanika, ndipo iye ankadziwa. Anayang'ana kunyanja, kumene mafunde anali kuswekera pa miyala ya kumpoto. Kenaka zala zake zinayenda, chingwe chinagwa. Anapukusa handulo chobweza. Mapiko anagwedezeka, anazungulira kamodzi mwaulesi, kenaka mwera unawagwira.

Ana anakuwa. Akuluakulu ena anabwerera m'mbuyo, manja pamutu. Ada Bizwell anavula kiyi m'khosi, anatsegula kanyumba, ndipo sanatseke.

"Lowani, Anyamanda," anatero. "Mudzaone mkazi wachiwiri."

Mayi Winnie anakhala nafe mpaka mwera unatha, akugona kwa aphunzitsi, akudya kondowole mochita kulimba mtima. Nthawi yonseyo jenereta sinalire. Ayezi woyamba anatuluka wamatope pang'ono chifukwa tinatunga madzi m'mphepete, koma batala wanga anafika ku Mzuzu maso ali gwa.

Kiyi akadali m'khosi mwa Ada Bizwell, ndipo mbale ya zopereka inabwerera m'manja mwake mwakachetechete monga inachokera. Palibe anapita kukapepesa. Migolo ya dizilo yachepa, ngakhale miyezi ya bata jenereta imalirabe ndithu, ndipo ikalira Anyamanda amapezabe chifukwa chodutsira pa chigayo cha Jobe mphuno ili m'mwamba.

Wezulo ikalira masiku ano, Ada Bizwell amakoka nawo mabwato, amapukuta manja, n'kukwera kaphiri monga kale. Chingwe chija anachipachika pa msomali pafupi ndi handulo. Amakhala pa mwala pansi pa chitsulo, msana atalozetsa kunyanja, manja atawapanira pakati pa mawondo, mpaka mphepo itagona.